Mafunso ndi mayankho: code imodzi, mayankho awiri. Kodi malamulo a Verilog ndi SystemVerilog amati chiyani?

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene akulemba Verilog kapena SystemVerilog, makamaka tsiku limene code yawo yayenda bwinobwino pa simulator ina koma n'kukagwa pa ina. Ndawayankha monga munthu wogwiritsa ntchito zinenerozi, osati wa m'komiti yolemba malamulo. Mawu ngati simulator (pulogalamu yoyesera code pa kompyuta chip chisanapangidwe), clock (chizindikiro cha magetsi chokwera ndi kutsika chimene chimayendetsa nthawi m'chip) ndi testbench (code yoyesera design) ndawasiya momwe timawatchulira pa ntchito.

Kodi malamulo mukunenawa ndi ati, ndipo anawalemba ndani?

Verilog ndi chinenero chofotokozera mmene zinthu za m'kati mwa chip zalumikizirana komanso zimene zimachita magetsi akasintha. Inayambira ku kampani ya Gateway Design Automation ku America cha m'ma 1984, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyo ndi la Phil Moorby. Nthawi imeneyo kunalibe buku loti aliyense atsate. Lamulo linali simulator ya kampaniyo, Verilog-XL: chimene iyo yachita, ndiye Verilog imeneyo. Cadence itagula Gateway, inatsegula chinenerochi mu 1990 kuti makampani enanso apange zida zawo, ndipo mu 1995 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linatulutsa buku loyamba la malamulo, IEEE 1364. Analikonzanso mu 2001 ndi mu 2005. SystemVerilog, imene ndi Verilog yowonjezeredwa zinthu zambiri, inatuluka payokha mu 2005 ndi nambala ya IEEE 1800, kenako mu 2009 mabuku awiriwa anawaphatikiza. Kuchokera apo kwatuluka la 2012, la 2017 ndi la 2023. Pa ntchito bukuli timangoti LRM, chidule cha Language Reference Manual.

Choti mugwire pa mbiriyi n'chakuti buku linabwera pambuyo, chinenero chitagwira kale ntchito zaka khumi. Olemba ake sanayambe ndi pepala loyera ayi. Ankayesa kuika m'mawu zimene pulogalamu inkachita kale, uku akusamala kuti asaphwanye code imene anthu anali atapangira nayo ma chip. Mipata yambiri imene timakanganirana lero inatsala nthawi imeneyo.

Code yanga ikupereka yankho lina pa simulator iyi, lina pa simulator iyo. Ndi iti ili ndi bug?

Nthawi zambiri palibe. Taonani mizere iwiri iyi:

```
always @(posedge clk) a = d;
always @(posedge clk) b = a;
```

Clock ikakwera, mizere yonse iwiri imadzuka nthawi imodzi. M'chip chenicheni zinthu ziwirizi zimachitikadi pamodzi, koma simulator ndi pulogalamu, imagwira chimodzi ikamaliza n'kutenga china. Ikayamba ndi mzere woyamba, `a` amalandira mtengo watsopano, ndipo `b` amatola watsopano womwewo. Ikayamba ndi wachiwiri, `b` amatola mtengo wakale wa `a`. Mayankho awiri osiyana, ndipo onse ndi ololedwa. Mutu 4 wa IEEE 1800, umene umakamba za ndondomeko ya zochitika, umanena mosabisa kuti zochitika zimene zadzuka pa nthawi imodzi, simulator ingathe kuzitenga m'ndondomeko iliyonse. Izi n'zimene timati race: mizere iwiri kulimbirana kufika poyamba.

Bukuli limalonjeza zinthu ziwiri zokha pa nkhani ya ndondomeko. Choyamba, mizere ya m'kati mwa `begin` ndi `end` imodzi idzachitika motsatana monga mwailembera. Chachiwiri, ma nonblocking assignment, amene amalembedwa ndi `<=` m'malo mwa `=`, adzalembedwa m'ndondomeko imene anachitikira. Kupitirira apo musayembekeze kanthu. Bukuli limalolanso simulator kuimitsa block (gawo la code ngati `always` imodzi) ili pakati, kukagwira ina, n'kudzabwerera. Ambiri sakhulupirira akamva zimenezi chifukwa sanazionepo zikuchitika, koma chilolezocho chilipo.

Ineyo zinandidyera masiku atatu. Testbench imene inkadutsa kwa miyezi inayamba kugwa m'mawa wina, ndisanakhudze mzere ndi umodzi womwe. Ndinafufuza waveform, chithunzi choonetsa mmene ma signal akusinthira, mpaka maso kuwawa, ndinakayikira makina, ndinakayikira simulator. Chimene chinasintha chinali fayilo ya mndandanda wa mafayilo: mnzanga anaisanja motsata alifabeti kuti izioneka bwino. Mafayilo awiri anasinthana malo, ma block awiri anasinthana ndondomeko, ndipo race imene inagona phee nthawi yonseyo inadzuka. Woilemba anali ine ndemwe.

Bwanji komitiyo osangolamula kuti block yolembedwa poyamba iziyamba? Nkhani ikanathera pomwepo.

Ikanathera pa kompyuta, koma osati m'chip. Waya sadziwa kuti unalembedwa pa mzere wachingati. Mukapereka mizere iwiri ija ku chida cha synthesis, chimene chimasandutsa code kukhala ma gate enieni, chimapanga ma flip-flop awiri otsatana (tizipangizo tosunga mtengo mpaka clock ikwerenso), ndipo `b` amatsalira ndi clock imodzi. Komiti ikanalamula kuti mzere woyamba uziyamba, simulator iliyonse padziko ikanagwirizana pa yankho limene chip sichipereka. Bola kusagwirizana kumene kumakudzutsani kusiyana ndi mgwirizano wonama.

Palinso nkhani ya liwiro. Ma simulator akuluakulu monga VCS ya Synopsys, Xcelium ya Cadence ndi Questa ya Siemens amaphatikiza ma block, kuwasanja mwina, ena kugawira ntchito ma core angapo. Ufulu umenewu ndi umene umachititsa kuti simulation ya chip chachikulu ithe usiku umodzi. Palibe kampani ingavomere kuutaya.

Nanga `<=` imathetsa bwanji vutoli?

Ganizani za ana awiri pa bolodi, aliyense ali ndi nambala yake, ndipo aphunzitsi anena kuti aliyense akopere ya mnzake. Mwana wa `=` amayang'ana, kufufuta yake n'kulemba pompo, moti mnzake akachedwa kuyang'ana amapeza zasintha kale. Mwana wa `<=` amayang'ana, n'kulemba pa kapepala m'manja mwake, osakhudza bolodi. Onse akamaliza kuyang'ana m'pamene amalemba pa bolodi. Woyamba kuyang'ana akhale uyu kapena uyo, zotsatira n'zimodzi.

LRM imagawa kamphindi kamodzi ka simulation m'zigawo. M'chigawo cha Active ndi mmene mumachitikira `=`, `$display` ndi kuwerenga mbali ya kumanja ya `<=`. Kulemba kwa `<=` kumadikira chigawo cha NBA (chidule cha nonblocking assignment), chimene chimabwera zonse za mu Active zikatha. SystemVerilog inawonjezera zigawo zina: Preponed, mmene ma assertion (mizere yoonetsetsa ngati design ikutsata zimene mukuyembekeza) amatengera mitengo chilichonse chisanasinthe, Observed, mmene amaweruzira, Reactive, ya ma program block, ndi Postponed kumapeto kwenikweni. N'chifukwa chake `$display` yoikidwa pansi pa `a <= 1;` imakuonetsani mtengo wakale, pamene `$strobe`, imene imadikira Postponed, imaonetsa watsopano. Anthu ambiri amati apeza bug pamenepa. Si bug, ndipo si malo osamveka: bukuli linalongosola bwino, kungoti sanawerenge.

Malangizo amene Cliff Cummings anafalitsa m'chaka cha 2000 adakagwirabe ntchito: `<=` pa zoyendera clock, `=` pa combinational logic (zosayendera clock), osasakaniza ziwirizi m'block imodzi, ndipo variable imodzi isalembedwe kuchokera ku ma `always` awiri.

Ndikaika `#0` vuto limatha. Pali cholakwika?

Silinathe, mwangolikankhira kutsogolo. `#0`, kudikira kwa nthawi ya ziro, imatumiza mzere wanu ku chigawo cha Inactive, kuti udikire za mu Active zithe. Mawa mnzanu akaikanso `#0` yake, nonse mukakumana mu Inactive n'kuyambiranso kulimbirana. Kenako wina amalemba `#0 #0`. Ndinaziona ndi maso anga.

Ndingasiyanitse bwanji ufulu wosiyidwa dala ndi malo amene buku langosokonekera?

Funso ili ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa anthu amaunjika zinthu zitatu zosiyana n'kuzitcha dzina limodzi.

Pali malo amene buku limanena lokha kuti yankho si limodzi. Race ya pamwamba ija ndi yotero. Chitsanzo china chili m'bukumo, pa ndime ya `++`: `i` akhale 10, ndiye mulembe `j = i++ + (i = i - 1);`. LRM imati `j` angathe kukhala 18, 19 kapena 20. Apa palibe chokonza. Komiti inaganiza, n'kusankha kusalamula. Wolakwa ndi amene walemba code yodalira yankho limodzi mwa atatuwo.

Pali malo amene buku langokhala chete. Kawirikawiri zimachitika pamene zinthu ziwiri zimene zinalembedwa ndi magulu osiyana, zaka zosiyana, zakumana m'code imodzi, ndipo palibe anaganizapo kuti zidzakumana. Aliyense wopanga simulator amangoganiza zake.

Ndiye pali malo amene buku limadzitsutsa, mutu wina kunena ichi, wina icho, kapena chitsanzo kusemphana ndi lamulo lili pamwamba pake. Kuphatikiza kwa 2009 kunasonkhanitsa mabuku awiri olembedwa ndi manja ambiri, ndipo buku la lero lili ndi masamba opitirira 1,000. Zotsutsana sizingalephere.

Mitundu iwiri yomalizayi ndi imene imafuna kulongosoledwa. Kuti mudziwe mtundu umene mwakumana nawo, yang'anani timawu ting'onoting'ono. M'mabuku a IEEE, "shall" ndi lamulo, wosatsata walakwa. "Should" ndi malangizo chabe. "May" ndi chilolezo. Ndime imene yayamba ndi mawu oti NOTE ndi yongothandiza kumvetsa, si lamulo, ndipo singagonjetse ndime ya "shall". Mikangano yambiri ya pa ntchito imazirala munthu akangotsegula PDF n'kupeza kuti mawu amene amawakumbukira ngati "shall" ndi "may".

Perekani chitsanzo chenicheni cha lamulo limene linali losamveka kenako n'kukonzedwa.

Chimene ndimachikonda ndi cha nthawi ya 0, kamphindi koyambirira ka simulation. Verilog ya 2001 inalola kulemba `reg rst = 1;`, kupereka mtengo pomwe mukutchula variable. Koma inati zimenezi n'chimodzimodzi kulemba m'`initial` block, ndipo ma `initial` ndi ma `always` amayamba m'ndondomeko iliyonse. Tsopano tiyerekeze kuti penapake pali `always @(posedge rst)`. Kuchoka pa `x`, kutanthauza mtengo wosadziwika, kufika pa 1 kumawerengedwa ngati posedge, kukwera kwa signal. Ngati `always` ija inayamba kale kudikira, imaona kusinthako ndipo reset imachitika. Ngati `rst` analandira 1 iyo isanayambe, siiona kanthu, ndipo design yonse imakhala pa `x` mpaka kalekale. SystemVerilog inadula mlanduwu: mtengo woperekedwa potchula static variable umaikidwa `initial` kapena `always` iliyonse isanayambe. Ndiye block ija siidzaona posedge. Mwina si yankho limene munkafuna, koma ndi limodzi.

Chenjezo: `rst` yemweyo akadutsa pa port kupita ku module ina, waya wa kumeneko umasinthabe pa nthawi ya 0, ndipo kulimbirana kungabwerere pa khomo lakuseri. Reset yodalirika ndi imene testbench imaikweza ndi kuitsitsa nthawi itayenda, clock ikugunda.

`always_comb` inabadwa pa vuto lofanana. `always @*` ya 2001 imadikira kuti china chisinthe isanachite kanthu, moti ngati zolowa zake zinalandira mitengo iyo isanayambe kudikira, zotuluka zimakhala pa `x`. `always_comb` imayenda kamodzi yokha pa nthawi ya 0, imaonanso ma signal owerengedwa m'kati mwa ma function amene yaitana, ndipo imaletsa block ina kulemba variable yomweyo.

China ndi `&&` ndi `||`. Verilog yakale inkati simulator ingathe kusiya kuwerenga mbali ya kumanja ngati yankho ladziwika kale ndi ya kumanzere. Ingathe, osati iyenera. Pamene mbali zonse zinali mawaya, zinalibe kanthu. Koma SystemVerilog itabweretsa ma class, mzere ngati `if (p != null && p.len > 0)` unasanduka msampha: simulator yowerenga mbali zonse imagwa `p` akakhala `null`. Buku la 2009 linasintha chilolezo chija kukhala lamulo.

Buku lomwelo linakonzanso `unique case`. Poyamba inkakuwa msanga ma signal akadali m'kati mosintha pa kamphindi komweko, n'kupereka machenjezo a zinthu zimene zikanadzikonza zokha kamphindiko kasanathe. Anaisintha kuti chenjezo lizidikira chigawo cha Observed, ndipo block ikayendanso lisanafike pamenepo, chenjezo lakale limafufutidwa.

Anzanga a VHDL amati kwawo kulibe zoterezi. N'zoona?

Mbali yaikulu n'zoona, ndipo tiwapatse ulemu wawo. VHDL, chinenero china chofotokozera ma chip, inachokera ku pulogalamu ya VHSIC ya unduna wa zachitetezo ku America, n'kukhala IEEE 1076 mu 1987, ndipo malamulo ake anakonzedwa ndi cholinga choti zida zosiyana zizigwirizana. Signal ya VHDL siisintha process ili m'kati moyenda. Ma process onse amayamba amaliza, ma signal onse n'kusintha pamodzi, kenako kuzungulira kwina. Kuzungulira kumeneku ndi delta cycle. Ana onse a pa bolodi paja amakakamizidwa kulemba pa kapepala.

Koma ali ndi minga yawo. Mukalemba `clk2 <= clk;` mwachedwetsa clock ndi delta imodzi, ndipo flip-flop ya pa `clk2` ingatole data imene yasintha kale. Simulator iliyonse idzakupatsani yankho lomwelo, lolakwika mofanana. Komanso buku la 1993 linabweretsa shared variable, imene inatsegula khomo la kulimbirana, mpaka mu 2000 pamene anabweretsa protected type kuti aimange. Ndipo mukasakaniza VHDL ndi Verilog m'design imodzi, palibe buku mwa awiriwa limene limalamula mmene delta ya uku ikumanirane ndi zigawo za uko. Pamalire pamenepo mfumu ndi simulator yanu.

Nanga `x`? `if` ndi `?:` zimandipatsa zosiyana.

Zimenezo zinalembedwa momveka, kungoti n'zodabwitsa. `if (sel)` ikapeza `x` imapita ku `else` ngati kuti yapeza 0. `sel ? a : b` ikapeza `x` imayerekeza `a` ndi `b` bit ndi bit, pamene zafanana imasunga, pamene zasiyana imaika `x`. M'chip mulibe `x`, muli 0 kapena 1 amene simukumudziwa, ndiye `if` ingathe kubisa flip-flop imene mwaiwala kuipatsa reset.

Kusemphana kwa simulation ndi synthesis ndi nkhani ina yapadera. `full_case` ndi `parallel_case` zinkalembedwa m'ma comment, chida cha synthesis n'kuzimvera, simulator n'kuzidumpha monga imadumphira comment iliyonse. Anthu ankayesa design ina n'kupanga ina. `unique` ndi `priority` anazilowetsa m'chinenero chenicheni kuti zida zonse ziziwerenga mawu amodzi.

Ndapezadi ndime yodzitsutsa. Ndikanene kwa ndani, ndipo chimachitika n'chiyani?

Buku ndi la IEEE, ndipo gulu lolikonza limatchedwa P1800. Limagwira ntchito limodzi ndi Accellera, bungwe limene linapangidwa mu 2000 pophatikiza Open Verilog International ndi VHDL International. Madandaulo akhala akulembedwa m'kaundula wotchedwa Mantis, lililonse ndi nambala yake, moti akatswiri akamakangana mumamva akutchula nambala ya Mantis ngati nambala ya mlandu. Ntchito inkagawidwa m'timakomiti: SV-BC ya design, SV-EC ya testbench, SV-AC ya ma assertion, SV-CC ya kulumikizana ndi chinenero cha C.

Dandaulo lokha silisintha kanthu. Pamafunika munthu woti alembe mawu enieni: chotsani chiganizo ichi pa ndime yakuti, ikani ichi. Ena amaunika ngati mawu atsopanowo sakuphwanya mutu wina. Pamapeto buku lonse limavoteredwa, ndipo IEEE imafuna kuti osachepera 75 pa 100 alionse avomereze. Zimatenga zaka. Buku la 2017 linali la kukonza zolakwika ndi kulongosola basi, losabweretsa zatsopano zazikulu, ndipo lotsatira linatuluka patatha zaka 6.

Kwa ife wamba njira yachidule ndi iyi: chepetsani vutolo likhale mizere 10 kapena 15, tchulani chaka cha buku ndi nambala ya ndime, onetsani zimene zida ziwiri zapereka, n'kutumiza kwa opanga chida chanu. Makampani amenewo ali ndi anthu awo m'komiti. Lipoti lakuti "simulator yanu ndi yolakwa" lopanda ndime palibe amaliwerenga kawiri.

Ma simulator onse akuchita zofanana koma buku likunena zina. Nditsate ziti?

Apa ndinena maganizo anga. Pa code imene ikupita ku chip, musatsate mbali iliyonse: lembani mwa njira ina imene buku ndi zida zimagwirizana. Pafupifupi nthawi zonse njirayo imakhalapo, ndipo imangokudyerani mizere iwiri kapena itatu yowonjezera.

Mukafuna kulosera mmene komiti idzaweruzire, kawirikawiri buku ndi limene limagonja. Palibe amafuna kuphwanya code imene makasitomala akhala akuigwiritsa ntchito zaka 20 chifukwa cha chiganizo chimodzi. Povuta ndi pamene zida zagawanika, ziwiri uku, imodzi uko. Kulongosola kulikonse pamenepo kukutanthauza kuti kampani ina ikauze makasitomala ake kuti code yawo isintha khalidwe. Madandaulo otero ndi amene amagona m'kaundula zaka zambiri, ndipo ena amathera pa kulemba poyera kuti zonse ziwiri n'zololedwa. Zimakhala ngati bawo ya kumudzi kwa eni: musanakhale pansi mumayamba mwafunsa kuti kuno mumasewera bwanji.

Ndine wophunzira, ndilibe ndalama za zida zodula. Ndingadziyese bwanji?

Buku lenilenilo ndi laulere. IEEE 1800 imapezeka kudzera mu IEEE GET Program, mothandizidwa ndi Accellera. Mumangolembetsa n'kutsitsa PDF. Musayambire tsamba loyamba, mungagone. Yambani ndi mutu 4, ndi waufupi, kenako mutu 9 ndi 10, ya ma process ndi ma assignment.

Zida zaulere zilipo ndipo kusiyana kwake n'kumene kungakuphunzitseni. Icarus Verilog imatsata mitengo inayi, 0, 1, `x` ndi `z`, ndipo mungaiuze chaka cha malamulo ndi `-g2005` kapena `-g2012`. Verilator imasandutsa design kukhala C++ ndipo kwenikweni imadziwa 0 ndi 1 basi, choncho imasanja zinthu mwa njira yakeyake. Ya VHDL ndi GHDL. Lembani mizere iwiri ya `a = d` ndi `b = a` ija, muiyendetse, kenako musinthanitse malo ake muone ngati `b` wasintha. Mukatero yendetsani `verilator --lint-only -Wall` pa fayilo yomweyo. Idzakupatsani chenjezo lotchedwa BLKSEQ, n'kukulozerani mzere umene mwaika `=` pamalo pa `<=`. Sinthani zizindikiro ziwirizo, musinthanitsenso mizere kangapo konse mungafune, muone `b` akutsalira ndi clock imodzi ulendo uliwonse.